Mwafunsa, Tayankha: Mwanapiye, Majini ndi Buku Zikumana Pati?

Funso: Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri pa sukulu ya ukachenjede. M'sabata imodzi yokha ndakumana ndi mawu akuti imprinting katatu. M'phunziro la kaganizidwe ka anthu ankanena za ana a atsekwe, m'phunziro la zamoyo ankanena za majini a m'maselo a thupi, ndipo woyang'anira laibulale anatiuza kuti polemba za buku tisamaiwale imprint yake. Kodi n'chinthu chimodzi, kapena ndine amene ndasokonezeka? Wophunzira, Zomba.

Yankho: Simunasokonezeke ayi. Mwakumana ndi mawu amodzi amene anthu a ntchito zitatu zosiyana anabwereka, aliyense pa nthawi yake, ndipo aliyense anapita nawo kwake. Gwero lake ndi mawu a Chilatini otanthauza kudinda, ndiko kukanikiza chinthu cholimba pa chinthu chofewa kuti pasale chizindikiro. Amene anaumbako njerwa akuzidziwa zimenezi. Mukazikhuthula m'chikombole madzulo n'kuziyala pabwalo, galu amatha kudutsapo usiku, ndipo m'mawa mumapeza phazi lake litalowa bwinobwino pa njerwa imodzi, zala zinayi ndi zikhadabo zomwe. Njerwayo ikauma n'kuwotchedwa mu uvuni, phazilo limakhalapo mpaka nyumba idzagwe, pomwe galu yemweyo akanaiponda patapita masiku atatu sipakanaoneka kanthu. M'chithunzi chimenechi muli zinthu ziwiri: kanthawi kochepa kamene chinthu chikadali chachiwisi, ndi chizindikiro chonena amene anadutsapo. Akatswiri a khalidwe la nyama anagwira kwambiri choyambacho, pomwe a majini ndi a mabuku anagwira chachiwiricho, ndipo vuto limabwera munthu akatenga zimene zapezeka mbali imodzi n'kukazigwiritsa ntchito mbali ina pongoona kuti dzina ndi limodzi.

Ndiyambe ndi mbalame, chifukwa ambiri nkhani imeneyi tinaiona ndi maso tisanaiwerenge m'buku. Kwathu agogo anga ankaikira thadzi mazira a nkhanga, popeza nkhanga yoweta sikhazikika pa mazira. Thadzilo linkafungatira pafupifupi milungu inayi, kupitirira masiku 21 amene limazolowera pa mazira akeake, ndipo tiana tikaswa tinkalitsatira paliponse, kubisala m'mapiko mwake kukazizira ndi kuthamangira kwa ilo likaitana kuti lafukula chiswe. Nkhanga zikuluzikulu zikadutsa pabwalo, tianato sitinkazilabadira n'komwe. Akaliikira mazira a bakha zinkafika pomvetsa chisoni, chifukwa ana aja akatsikira m'chithaphwi n'kuyamba kusambira, thadzi linkangoyenda uku ndi uku m'mphepete likulira, koma akatuluka m'madzimo ankabwerera kwa ilo, osati kwa abakha anzawo.

Zimenezi ndi zomwe Douglas Spalding wa ku Britain analemba cha m'ma 1870 ataona kuti anapiye ongoswedwa kumene amatsatira chilichonse choyenda chimene ayamba kuchiona, ndipo Oskar Heinroth wa ku Germany anazionanso pa atsekwe. Koma amene anazitchukitsa ndi Konrad Lorenz wa ku Austria, yemwe ankaweta atsekwe kwawo ku Altenberg, m'mbali mwa mtsinje wa Danube. Iye anagawa mazira a tsekwe mmodzi pawiri, ena n'kuwasiyira make, ena n'kuwaswetsa m'makina ofungatira kuti chinthu choyenda choyamba kuchiona chikhale iyeyo. Atasakaniza ana onsewo pamodzi n'kuwamasula, a make anathamangira kwa make, ndipo enawo analunjika kwa Lorenz n'kumamutsatira ngakhale akalowa m'madzi. M'zimene analemba mu 1935 anatchula khalidweli ndi mawu a Chijeremani akuti Prägung, amene amanena za kudinda ndalama yachitsulo, ndipo omasulira m'Chingelezi ndi amene anasankha mawu amene mwakumana nawowa. Mu 1973 Lorenz analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Niko Tinbergen ndi Karl von Frisch.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa kwa munthu amene anaonapo mphamba akutsika pabwalo. Mwanapiye, mwana wa bakha ndi mwana wa tsekwe amabadwa ali ndi nthenga, maso ali otsegula, ndipo amachoka pachisa tsiku lomwelo kapena mawa lake, kotero kuti amene angachedwe kudziwa make sangaone sabata. Maunda a nkhunda alibe changu chotere, popeza amabadwa osapenya ndipo amakhala m'chisa kudikira kuti makolo awabweretsere chakudya. M'zaka za m'ma 1950 Eckhard Hess wa ku America anayesa ana a abakha ndi bakha wosema woyendetsedwa ndi makina, ndipo anapeza kuti chidindocho chimalowa mwamphamvu kwambiri pakati pa maola 13 ndi 16 chiswedwere, kenaka mantha a zinthu zachilendo amayamba kukula ndipo mpatawo umanka nutsekeka. Lorenz ankakhulupirira kuti chikalowa chalowa basi, koma ofufuza a pambuyo pake, monga Patrick Bateson ndi Gabriel Horn a ku Cambridge, anasonyeza kuti mpatawo umatha kutalika kapena kufupika malinga ndi mmene mwanayo akuleredwera, ndiponso kuti nthawi zina mbalame imatha kusintha chimene ikutsatira.

Pali mbali ina imene imavutitsa kwambiri osamalira zachilengedwe, ndiyo yakuti mbalame zina zikakula zimafuna kukwerana ndi mtundu wa amene anazilera. Ku Wisconsin, m'dziko la America, kunali mbalame yaikazi yotchedwa Tex, ya mtundu wa whooping crane umene unatsala pang'ono kutheratu padziko. Popeza inaleredwa ndi anthu, inkakana amuna a mtundu wake, mpaka katswiri wina, George Archibald, anayamba kukhala nayo tsiku lonse ndi kuvina nayo mavinidwe a mbalamezo kuti thupi lake likonzeke kuikira, ndipo mu 1982, atailowetsa umuna ndi zipangizo, inaikira dzira limene linaswa mwana. N'chifukwa chake olera mbalame zoterezi masiku ano amavala zovala zobisa thupi lonse, salankhula, ndipo amadyetsa anawo ndi chidole chooneka ngati mutu wa make.

Sindingasiye kunena kuti Lorenz analowa chipani cha Nazi mu 1938, ndipo analemba zinthu zofanizira anthu ena ndi ziweto zimene zaonongeka mtundu, zomwe zinachirikiza tsankho la nthawiyo. Mu 2015 yunivesite ya Salzburg inamulanda digiri yaulemu imene inamupatsa. Zimene anaona pa atsekwe n'zoona, koma pamene anazitengera kwa anthu analakwa koopsa, ndipo wophunzira aliyense wa phunziro lanu ayenera kuzidziwa zonse ziwiri.

Ku majini nkhani ndi ina kotheratu, ndipo kumeneko kulibe kuona, kumva kapena kuphunzira kulikonse. Tikamati majini pano sitikunena mizimu ayi, koma malangizo olembedwa mu DNA, m'kati mwa maselo a thupi, amene mwana amalandira kwa makolo ake. Munthu ali ndi makromozomu 46, timitolo timene DNA imasungidwamo, ndipo 23 amachokera kwa mayi, 23 kwa bambo, kotero kuti pafupifupi jini iliyonse ali nayo kawiri. Kuchokera pa ntchito ya Gregor Mendel pa nsawawa, imene inatuluka mu 1866, anthu ankaphunzitsidwa kuti jini imagwira ntchito mofanana kaya yachokera kuchikazi kaya kuchimuna. Mu 1984 magulu awiri a ofufuza, la Azim Surani ku Cambridge, yemwe anabadwira ku Kisumu m'dziko la Kenya, ndi la James McGrath ndi Davor Solter ku Philadelphia, anasonyeza kuti pa nyama zoyamwitsa lamuloli siligwira paliponse. Anatenga mazira a mbewa atangokumana ndi umuna, gawo la mayi ndi gawo la bambo zisanasakanikirane, n'kusinthanitsa magawowo kuti dzira lina likhale ndi magawo awiri a mayi okhaokha, lina magawo awiri a bambo okhaokha. Chiwerengero cha makromozomu chinali chokwanira, komabe palibe mluza umene unafika pobadwa. Wa magawo a mayi okhaokha unkaumbika pang'ono koma nsengwa yake inali yoperewera, pomwe wa magawo a bambo okhaokha nsengwa inkakula koma mwanayo sankaumbika bwino.

Chimene chimachitika n'chakuti pamene dzira kapena umuna zikupangidwa, majini ena amadindidwa ndi tizidutswa ta mankhwala totchedwa methyl, timene timamatira pa DNA. Chidindocho sichisintha zolembedwazo, chimangochititsa kuti tsamba lina lisawerengedwe, kotero kuti mwana amagwiritsa ntchito kope la mayi lokha pa jini ina, ndi kope la bambo lokha pa jini inzake. Majini otere si ambiri, ali pakati pa 100 ndi 200 mwa majini pafupifupi 20,000 a munthu, koma ambiri a iwo amayendetsa kakulidwe ka mwana m'mimba ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo. Apa chithunzi cha njerwa chija chimalephera, chifukwa chidindo chimenechi chimafufutidwa mbadwo uliwonse n'kudindidwa mwatsopano. Jini imene mwamuna analandira kwa mayi ake ili ndi chidindo cha kuchikazi, iye akamaipereka kwa mwana wake imapita ili ndi chidindo cha kuchimuna.

Madokotala amaziona zimenezi pa kromozomu nambala 15. Kachigawo kena kake kakasowa pa kope lochokera kwa bambo, mwana amabadwa ndi matenda a Prader-Willi, amene anafotokozedwa koyamba ku Zurich mu 1956: khanda limakhala lolobodoka, losayamwa bwino, koma likakula pang'ono limayamba kumva njala yosatha. Kachigawo komweko kakasowa pa kope lochokera kwa mayi, matenda ake amakhala ena, a Angelman, amene dokotala Harry Angelman wa ku England anawafotokoza mu 1965: mwana salankhula kapena amalankhula mawu ochepa, amayenda modzandira, amagwa khunyu, ndipo amaseka kawirikawiri. Matenda onse awiriwa sachitikachitika, ndipo kawirikawiri kachigawoko kamasowa mwangozi pamene dzira kapena umuna zikupangidwa. Ndikutsindika zimenezi chifukwa m'mabanja mwathu mwana akabadwa wolumala timafulumira kuloza chala kuchikazi kapena kuchimuna, pomwe palibe kholo limene linachita kanthu kapena likanatha kuletsa.

Katswiri wina, David Haig, anapereka maganizo akuti chidindo chotere chinayamba chifukwa zofuna za mbali ziwirizi sizifanana: majini ochokera kwa bambo amapindula mwana akamakoka chakudya chambiri kwa make, pomwe ochokera kwa mayi amapindula make akasungako mphamvu za ana obwera m'mbuyo. Mbewa zimachitira umboni maganizo amenewa, chifukwa jini yokulitsa mwana yotchedwa Igf2 imagwira ntchito ikachokera kwa bambo, ndipo ina yochepetsa mphamvu yake, Igf2r, imagwira ikachokera kwa mayi. Ngakhale chimanga chili ndi chidindo chake. Mu 1970 Jerry Kermicle wa ku Wisconsin anaona kuti jini ina yopatsa njere mtundu imadetsa njere yonse ikadzera ku chisononkho, koma ikadzera mu mungu wa ku ngayaye njereyo imatuluka yamawangamawanga. Za mabuku ndaziyankha m'kalata yotsatirayi.

Funso: Ndalemba nthano zokwana buku ndipo ndikufuna kulitulutsa ndekha. Kumene ndinakafunsa mtengo wolisindikizira anandifunsa kuti pa imprint alembepo chiyani, ine n'kungoti kukamwa yasa. Kodi ankatanthauza chiyani? Mphunzitsi wopuma pantchito, Mzuzu.

Yankho: Bambo, tengani buku lililonse pa shelefu yanu mutsegule kuseri kwa tsamba la mutu. Mupezapo timizere tating'onoting'ono tonena dzina la amene anatulutsa bukulo, kumene ali, chaka, nambala yozindikiritsa bukulo yotchedwa ISBN, ndi dzina la amene analidinda pa makina. Timizere timeneto ndi timene ankakufunsani. M'Chichewa timangoti wosindikiza kwa onse awiri, koma ndi anthu osiyana: wofalitsa ndi amene amasankha buku, kulikonza, kulipirira ndi kuligulitsa, pomwe wosindikiza weniweni ndi mwini makina, inki ndi mapepala. Mwa inu nokha, wofalitsa ndinu, ndipo kumene munapitako ndi osindikiza.

Mwambowu ndi wakale ngati makinawo. Buku la Masalimo limene Johann Fust ndi Peter Schöffer anasindikiza ku Mainz mu 1457 linali kale ndi mayina awo ndi tsiku lomalizira ntchitoyo, ngakhale kuti iwo anazilemba kumapeto. Maboma anaona msanga kuti timizereti timawathandiza kudziwa woti amufunse buku likawakwiyitsa, ndipo anakhazikitsa malamulo okakamiza kuti tizilembedwa. Osindikiza nawo anapeza pothawira: kuyambira cha m'ma 1660 mabuku ambiri oletsedwa ankatuluka ndi dzina lakuti Pierre Marteau wa ku Cologne, munthu amene sanakhaleko n'komwe, pomwe ambiri a mabukuwo ankasindikizidwa ku Netherlands. Kuno kwathu lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno lionetse dzina la wosindikiza, la wofalitsa ndi chaka, ndiponso kuti kope limodzi liperekedwe ku National Archives, malo osungira zolemba za dziko lino ku Zomba, komwenso mungakafunsire nambala ya ISBN.

Mawu omwewa ali ndi tanthauzo lachiwiri pa malonda a mabuku, ndilo dzina limene kampani imatulutsira mtundu wina wa mabuku ake. Kampani ya Penguin, imene Allen Lane anayambitsa mu 1935, inayamba kutulutsa mabuku a maphunziro pa dzina la Pelican mu 1937, ndi a ana pa dzina la Puffin mu 1940. Dzina la Longman, limene ambiri tinakula tikuliona pa mabuku a kusukulu, linayamba ngati kampani payokha ku London mu 1724, koma kuchokera mu 1968 lakhala m'manja mwa kampani ya Pearson. Kwa inu izi zikutanthauza kuti mukhoza kulemba dzina lanu lenileni ngati wofalitsa, kapena kusankha dzina lina limene mudzatulutsirenso mabuku otsatira. Langizo langa ndi lakuti musankhe limodzi n'kukhala nalo, ndipo musalole kuti dzina la osindikiza lilowe pa malo a wofalitsa, chifukwa ofuna kuoda bukulo kapena kupempha chilolezo cholimasulira adzafunafuna amene walembedwa pamenepo.

Funso: Mwana wanga anabadwa masiku asanakwane ndipo anakhala milungu itatu m'chipinda cha ana osakwana masiku, ine ndikudwala mu wodi ina. Alamu anga anawerenga kuti khanda limadinda nkhope ya munthu woyamba kumuona, ndipo akuti mwanayu sadzandidziwa bwino ngati mayi ake. Tsopano ali ndi miyezi inayi. Usiku sindigona poganiza zimenezi. Mayi wodandaula, Mchinji.

Yankho: Mayi, gonani tulo, chifukwa zimene alamu anu anawerengazo ndi nkhani ya atsekwe ndi anapiye imene ndafotokoza pamwambapa, ndipo mwana wa munthu sanapangidwe choncho. Mwanapiye ali ndi maola ochepa oti adziwe make popeza mawa lake adzakhala akuyenda pabwalo pali mphamba. Khanda la munthu silingayende kwa pafupifupi chaka chathunthu, ndipo ubale wake ndi omulera umamangidwa pang'onopang'ono, pa kuyamwa, pa kuberekedwa kumbuyo, pa kusambitsidwa, ndiponso pa kuona kuti likalira pamabwera munthu.

Maganizo olakwikawa ali ndi pochokera. Dokotala wa ku Britain, John Bowlby, anawerenga za Lorenz m'zaka za m'ma 1950 ndipo zinamuthandiza kuona kuti mwana amafuna kukhala pafupi ndi womulera mwachibadwa, osati chifukwa cha chakudya chokha, koma iye ankanena za miyezi ndi zaka zoyambirira, osati maola. Mu 1976 madokotala awiri a ana a ku America, Marshall Klaus ndi John Kennell, analemba kuti nthawi yotsatira kubadwa ndi yapadera pa ubale wa mayi ndi mwana. Ntchito yawo inathandiza kuti zipatala zisiye kulekanitsa amayi ndi makanda popanda chifukwa, koma kafukufuku wa pambuyo pake sanapeze kuti mayi amene waphonya maola amenewo wataya mwana wake. Ku Glasgow, Rudolph Schaffer ndi Peggy Emerson anatsatira makanda 60 ndipo mu 1964 anafotokoza kuti ambiri amayamba kukakamira munthu mmodzi ali ndi miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri, kenaka amawonjezera ena monga bambo, agogo ndi akulu awo, ndipo amene ankakondedwa kwambiri ndi amene ankayankha msanga zofuna za mwanayo. Ngakhale ana amene anakhala miyezi yoyambirira m'nyumba za ana amasiye za ku Romania, m'mavuto aakulu, amene anatengedwa ndi mabanja a ku Britain asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi ambiri anakula bwino monga anzawo, malinga ndi kafukufuku wa Michael Rutter.

Kugoneka khanda pachifuwa litangobadwa ndi kuliyamwitsa mu ola loyamba n'kwabwino ndithu, chifukwa limafunda ndipo limalandira mkaka woyamba uja, ndipo njira ya kangaroo, yosunga khanda pachifuwa khungu likukhudza khungu, imene inayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, yapulumutsa ana ambiri osakwana masiku. Koma inu simunathe kutero chifukwa munkadwala, ndipo amene anasamalira mwana wanu milungu itatu ija anakusungirani, sanakulandeni. Mawu anu anayamba kuwamva ali m'mimba. Poyeza kakulidwe kake muziwerenga kuchokera pa tsiku limene ankayenera kubadwa, osati limene anabadwa, ndipo ngati mukuona kuti satembenuka mukamuyankhula kapena sakutsatirani ndi maso, mukanene ku sikelo kuti amuone makutu ndi maso, popeza ana obadwa msanga amafunika kuyezedwa zimenezi. Miyezi itatu kapena inayi ikubwerayi mudzayamba kuona kuti mukangotuluka kukatunga madzi akulira, ndipo mlendo akamunyamula akutembenukira kwa inu atatambasula manja.